Ndinafunsa Dziko Lonse za Mjigo Wathu

Kuno ku Madziabango anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya mjigo pa chifukwa chimodzi: ndili ndi foni yamakono. Galasi lake linang'aluka pakona, koma yamakono ndithu. Ndiye mjigo utayamba kutsokomola sabata yatha, kupopa mpaka thukuta kamukamu madzi osatuluka, maso onse anagwera pa ine.

"Za mekaniki zisiyeni, amfumu," ndinatero ndikusisita foni. "Buku la mjigowu lili pa intaneti. Dzuwa lisanalowe muona madzi."

Ndinawonjezanso kambiri pang'ono kuti anthu adziwe kuti sanasankhe munthu wamba. Ndinati mjigo wa Afridev unabadwira konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, poyamba ukutchedwa Maldev, ndipo umakoka madzi kuchokera pansi mpaka mamita 45. Anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha. Amayi anandiombera m'manja. Ndikanadziwa ndikanameza mawu omalizawo.

Ndinagula bandulo, n'kukwera pachulu pomwe netiweki imagwira bwino, n'kulemba pa Google kuti "mjigo wathu wafa". Zimene zinabwera sizinali za madzi ngakhale pang'ono. Ndinayesa Chingerezi changa cha Sitandade 8. Apo ndiye anandikhuthulira mapampu a dziko lonse: opopera njinga, a petulo, a m'madamu, mpaka okamira mkaka wa m'mawere. Awa ndinawatseka msangamsanga, pakuti pansi pa chulu pankadutsa apongozi.

Google ili ngati msika wa Lunzu. Ukafunsa mchere, wa tomato akukoka dzanja, wa kaunjika akukuyeza jekete, ndipo mcherewo ulipodi, koma kuti uufike uyenda. Ubwino wake ndi ulemu. Nditalemba "Afrideve", inandifunsa mofatsa ngati ndimatanthauza Afridev, osandiseka ngati mmene akanachitira ana anga.

Dzuwa lili paliwombo, mphwanga wa Fomu 3 anakwera pachulupo atandibweretsera chinangwa.

"Amalume, musamafunse msika wonse. Pitani patsamba la bungwe la zamadzi, mukalembe m'kabokosi kawo kofufuzira."

Tinapita. Kabokosiko ndi kalaliki wa mu ofesi Lachisanu masana. Sikayendayenda, kamangoyang'ana m'kabati yake yokha, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi kamati fayilo palibe. Ndinalemba "Afrideve" uja: palibe. Ndinalemba "labala wa mjigo": palibe. Ndinalemba "chonde": palibe.

"Kalabala mukufunako dzina lake ndi U-seal," anatero mnyamatayo. "Mukapanda kutchula dzina lenileni, kabokosi sikakudziwani."

Titalemba dzinalo, kanatulutsa malipoti a misonkhano mndandanda, buku lenilenilo litabisala kaya patsamba lachingati. Apa mphwangayo anandilanda foni ngati akulanda mpeni kwa khanda. Anabwerera pa Google, n'kulemba site: motsatana ndi adiresi ya tsamba lija, kenako filetype:pdf, kenako Afridev.

"Uku n'kutuma Google kuti ikafufuze m'nyumba imodzi yokha, amalume. Miyendo ndi ya wamsika, koma kabati ndi ya kalaliki."

Buku lija linatulukira pamwamba penipeni. Ndinatsokomola n'kumuuza kuti njira imeneyo ndinkaidziwa kale, ndimangomuyesa. Tinayamba kulikopera mufoni. Kamzere kanayenda, kanayenda, ndege yopita ku Chileka inadutsa, kamzere kali pakati. Katatsala pang'ono ngati chikhadabo, uthenga unalowa wakuti bandulo yatha.

Ndinatsika pachulu chakumadzulo, nyerere zitandimaliza m'miyendo, ndikukonza mumtima bodza lokauza amfumu. Ndikuyandikira kumjigo ndinamva phokoso lomwe sindinalifune: madzi akukhuthukira m'ndowa. Amayi atatu a m'komiti anali atamasula mutu wa mjigo ndi sipanala imodzi, kusolola zitsulo zonse, kusintha kalabala kotha kaja ndi katsopano komwe msungichuma anagula kalekale ndi ndalama zosonkha, n'kubwezera zonse m'malo.

"Alembi, takulandirani," anatero mmodzi akupukuta manja pachitenje. "Intaneti yati bwanji?"

Ndinayankha kuti intaneti yagwirizana ndi zimene achitazo.

Kunyumba ndinapeza mayi a ana akukupiza moto pambaula ndi kabuku kakuda ndi mwaye. Ndinayang'anitsitsa chikuto chake. Chithunzi cha mjigo. Ndinatsegula: zitsulo zonse zojambulidwa bwinobwino, kalabala kaja kali patsamba lakelake, muvi ukukaloza.

"Kabukuka mwakatenga kuti?"

"Si munabwera nako inu nomwe, bambo, kuchokera ku maphunziro a komiti aja? Munangosunga alawansi, kabuku n'kukaponya pawindo. Chaka chachiwiri chino ndikukupizira moto."

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wanga anali pambaula, ine ndili pachulu kufunsa azungu.

Mawa kuli msonkhano wa komiti, ndipo ndamva kuti nkhani yoyamba ndi ya udindo wa mlembi. Kabuku kaja ndakapukuta bwino kuti ndikapite nako. Mayi a ana akuti ndibwere nako msanga, nyemba zisanaikidwe pamoto.