Kodi Mwala Umayandama Pamadzi?

Munthu akamuchotsa pa makina opumira ndiye kuti wayamba kupeza bwino, si choncho? Nanga bwanji ndi pamene amayamba kubwebweta? Malume anga, mlimi wa nandolo wofatsa kwabasi, atangowachotsa paipi kukhosi anayamba kuona njoka kudenga, kuzula madiripi, n'kumatcha anamwino afiti. Abale kuno ku Milange sanachedwe kugamula kuti awalodza. Namwino anakana, nati dzina lake ndi delirium, kusokonezeka kwa ubongo kobwera mwadzidzidzi mwa munthu wodwalitsa, ndipo kawirikawiri kumatha.

Akuti mu 2001 dokotala Wes Ely wa ku Vanderbilt, ku America, ndi anzake anapeza kuti mwa odwala 10 a pa makinawa, pafupifupi 8 amasokonezeka chonchi. Ndiye afiti angachuluke choncho mpaka ku America? Ndipo ngati n'zofala motere, bwanji achipatala satiuziratu, kuti tisagulitse mbuzi kupita nayo kwa sing'anga?

Chinandizunguza mutu kwambiri ndi chiyambi chake. Mankhwala ogonetsa monga midazolam, omwe amathandiza munthu kupirira paipi, ndi omwenso amaputa vutoli. Onjezerani matenda ofalikira m'magazi, kuchepa kwa mpweya, magetsi osazima usiku wonse ndi makina olira osaleka. Wodwala akayamba kulimbana amamumanga manja kuti asazule machubu, ndipo kumangako kumangowonjezera mantha. Mu 2018 kafukufuku wamkulu wa ku America komweko anaonetsa kuti ngakhale haloperidol, amene amabaya olongolola, safupikitsa masiku a delirium. Nanga amabayiranji? Kuti wodwala achire, kapena kuti mu wodi mukhale bata?

Palinso ena odwala delirium amene sabwebweta n'komwe, amangoti duu, maso tong'o. Ifetu tikanati akupumula. Chonsecho gulu la Ely lomwe lija linapeza mu 2004 kuti amene anadwala delirium anali pa chiopsezo chowirikiza katatu cha kumwalira m'miyezi 6. Wofatsayo amamuzindikira ndani?

Akuti pali mayeso, CAM-ICU. Namwino amatchula zilembo, wodwala n'kumafinya dzanja akamva "A". Kenako amafunsa ngati mwala umayandama pamadzi, ngati m'nyanja muli nsomba. Zophweka ndithu. Koma amafunsa m'chinenero chanji? Wa ku Milange wofunika makina amathera ku Quelimane, makilomita oposa 300 kudzera ku Mocuba, komwe zachipatala zimayenda m'Chipwitikizi, apo ayi amadutsa malire pa Muloza kulowera ku Blantyre. Agogo odziwa Chichewa ndi Chilomwe chokha, amene sanapondeko pasukulu, "A" ameneyo amudziwira kuti? Akalephera, tinene kuti mutu wasokonezeka kapena sanamve funso? Akangokhala chete mwaulemu, monga timachitira pamaso pa akuluakulu, amawalemba kuti chiyani?

Zimene akuti zimathandiza n'zosafuna ndalama zambiri: kuchepetsa mankhwala ogonetsa, kutsegula makatani masana, kuzimitsa magetsi usiku, kubwezera munthu magalasi ake, kumudzutsa kuti akhale tsonga msanga, ndiponso mawu a mbale womuuza tsiku ndi malo amene ali. Chomalizachi ndiye chandivuta. Mbaleyo wasiya munda ku Milange, wakwera minibasi ya chapa tsiku lathunthu, akugona pakhonde la chipatala, koma mkati amaloledwa kanthawi kochepa chabe. Ngati mawu ake ali mbali ya chithandizo, n'chifukwa chiyani amawerengedwa ngati mlendo wodzazonda?