Nanzikambe Akulemba

Padangotero.

Tili tonse.

Kunali nyama zimene zinkakhala m'makhwawa a pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, kuyambira m'munsi mwa phiri ku Satemwa, esiteti imene inakhazikitsidwa mu 1923, mpaka kukafika ku Makwasa. Tiyi sankazikhudza nyamazi. Tiyi ndi wa anthu, amene amalawirira ndi madengu kumsana kukathyola masamba awiri ndi kansonga, n'kupita nawo ku sikelo kuti kapitawo alembe makilo. Nyama zinkakhalira nthochi: makumbuka, sukali ndi kholobowa. Nthochi zinalipo zosasimbika masiku amenewo, moti malole ankachoka ku Thekerani ndi ku Masambanjati atadzaza mikoko kupita nayo ku Limbe, koma zakupsa zotsalira zinkakwanira aliyense wa mchira.

Chaka china Kalulu anapita ku msika wa Luchenza nabwerako ndi thumba la mafoni akale ndi kasola kamodzi. Musandifunse kuti anagula ndi chiyani. Anaitana nyama zonse pansi pa mtengo wa bulugama nati, "Abale anga, dziko lapita patsogolo, ife tatsalira. Aliyense atenge foni, ndi yaulere."

Nyama zinaomba m'manja. Fisi anatenga ziwiri.

"Kungoti foni imadya," anapitiriza Kalulu. "Kutchaja ndi nthochi imodzi, bandulo ndi nthochi ziwiri. Zonsezo muzipeza kwa ine."

Tsiku lomwelo anatsegula gulu la pa WhatsApp lotchedwa Nyama za ku Thyolo Tidziwane, adimini ali iye yekha. Sabata isanathe, kunapezeka kuti m'makhwawa a ku Thyolo munali akatswiri ambiri amene dziko silinkawadziwa.

Woyamba anali Pusi. Iyeyu madzulo alionse ankakwera mtengo wa kuseri kwa nyumba ya bwana wa esiteti n'kumaonera kanema kudzera pawindo. Ankati banja lawo lakhala likuonera kanema kuyambira mu 1999 pamene Television Malawi inayamba, choncho nkhani za mpira, za nyengo, za ndale za ku America ndi za mafilimu a ku Nigeria asamamuphunzitse wina. Chimene sankanena n'chakuti windolo linkakhala lotseka. Zaka zonsezo Pusi ankaona milomo ikugwedezeka, mawu n'kumaikamo ake.

Wachiwiri anali Khwangwala. Pamene yunivesite ya sayansi ya MUST inatsegulidwa ku Ndata mu 2014, Khwangwala anasamukira padenga la kumeneko chifukwa kuseri kwa khitchini kunkatayidwa mikute. Atagona padengalo zaka zitatu, ndiponso poona kolala yoyera imene anabadwa nayo, anasintha dzina lake pagulu kukhala Pulofesa Khwangwala. Uthenga wake uliwonse unkayamba ndi mawu akuti, "Ife a ku yunivesite."

Kunalinso Fisi, amene sankalemba koma ankatumiza mauthenga a mawu pakati pa usiku, theka lake kuseka. Kunali Mleme, amene m'mawa ankagwirizana ndi mbalame, madzulo n'kugwirizana ndi mbewa. Kunali Gulo, amene sanalembepo chiganizo ngakhale chimodzi. Ntchito yake inali kugwedeza mutu ndi kuika chala chachikulu pansi pa uthenga uliwonse. Pusi akati mvula igwa, Gulo chala. Khwangwala akati siigwa, Gulo chala.

Koma mwini liwiro anali Buluzi. Chilichonse chimene chalowa m'foni mwake chinkatuluka chisanazizire, pamwamba atalemba kuti, "Zangofika kumene." Ankatumiza uku akuimba:

Ndamva, ndamva, ndatumiza,
Tumiza!
Kufunsa n'kwa mawa,
Tumiza!

Womaliza kulowa m'gululo anali agogo Nanzikambe. Mukudziwa nonse kuti pakati pa Nanzikambe ndi Buluzi pali mlandu wakale. Chauta anatuma Nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, iye n'kumayenda mwendo umodzi lero, wina mawa. Buluzi anamudutsa panjira nakauza anthu kuti akafa afa basi, ndipo anthu anagwira mawu amene anayamba kufika. Nanzikambe ankaganiza kuti ndi foni mlandu umenewu watha, poti uthenga suyendanso ndi miyendo. Anaiwala kuti umalembedwa ndi zala.

Miyezi inapita, gulu likuwira. Anakangana ngati munthu anapondadi pamwezi. Anakangana ngati tiyi wakuda ndi wobiriwira amachokera ku mtengo umodzi, ngakhale onse ankagona m'munda wa tiyi ndipo fakitale inali poonekera. Tsiku limene gulu lakhala chete, Kalulu ankadzuka m'mawa n'kulemba kafunso kamodzi: "Kodi akatswiri athu mukuti bwanji pa nkhani iyi?" Pofika masana mzere wa mafoni ofuna moto unkafika kumsewu.

Kenaka nthochi zinayamba kudwala. Masamba atsopano ankatuluka ang'onoang'ono, opyapyala, achikasu m'mbali, onse ataunjikana kumsonga ngati tsache loimika. Mtengo woterowo sunkabereka, ndipo ana ake ankabadwa opinimbira. Khwawa ili lero, khwawa linalo mwezi wamawa.

"Ife a ku yunivesite tinaziona kale," analemba Khwangwala. "Ndi mphamvu yochokera ku nsanja za netiweki. Taonani mmene masamba aimira, akuloza kunsanja."

Gulo chala.

"Bodza," anayankha Pusi. "Ndinaona pa kanema azungu ovala makhoti oyera akuthira zinthu m'timabotolo. Akufuna nthochi zithe kuti tizidya maapozi awo."

Gulo chala.

Fisi anatumiza mawu a mphindi zisanu ndi ziwiri. Mfundo yake inali yakuti pali wina akutamba.

Pamwamba pa foni ya aliyense panaoneka timawu takuti: Nanzikambe akulemba.

Agogowo sanayambe ndi kulemba. Anayamba akakamira pa thunthu la nthochi yodwala masiku asanu, thupi lawo litasanduka lobiriwira, diso lina likuyang'ana kumwamba, lina pansi. Anaona tinsabwe takuda titaunjikana m'khwapa mwa masamba ndi m'munsi mwa thunthu, tikuyamwa madzi a mtengo, nyerere zikutizungulira ngati abusa. Anaona tina titamera mapiko n'kuulukira ku nthochi yamoyo. Atatero ananyamuka ulendo wa ku Bvumbwe, kumalo ofufuzira za ulimi, ulendo umene unawatengera mwezi wathunthu. Kumeneko anakhala pampanda n'kumamvetsera alangizi akuphunzitsa alimi. Atabwerera m'pamene anagwira foni, chilembo chimodzi, kupuma, chilembo china.

Mu Seputembala 2017, uthengawo usanafike pakati, kunabuka mphekesera ya anamapopa. Inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata ankatseka misewu ndi miyala, alendo ndi ogwira ntchito zachipatala ankayenda mwamantha, ndipo anthu ena anaphedwa popanda wowapeza ndi dontho la magazi a munthu. Buluzi sanagone. "Zangofika kumene. Anamapopa ayamba ndi nthochi, kenaka abwera kwa ife. Tumizani kwa abale khumi."

"N'zomveka," anatero Khwangwala. "Mtengo wopopedwa magazi umapinimbira. Imeneyo ndi sayansi."

"Nanga nsanja zija, a Pulofesa?" anafunsa Fulu. Palibe anamuyankha, poti funso lake linakwiririka ndi mauthenga makumi anayi.

Amene anatchula dzina anali Khoswe. "Ine sindikunena munthu," analemba, "koma ndani pakati pathu amene sagona usiku, wa maso aakulu, ndipo anakana kulowa m'gulu lino? Akubisa chiyani?"

Kadzidzi analibe foni. Anauza Kalulu tsiku loyamba lija kuti kuwala kwake kumamupweteka maso. Choncho mlandu wake unazengedwa iye ali mtulo m'phanga la mtengo, ndipo chigamulo chinali zala makumi asanu ndi limodzi. Madzulo nyama zinapita ndi miyala ndi zibonga. Kadzidzi anathawira m'nkhalango ya m'phiri phiko lina likukha magazi. Usiku umenewo Khoswe ndi abale ake anatuluka poyera kwa nthawi yoyamba, nadya tinthochi tonse timene tinatsala, wowaopseza palibe.

Pamwamba pa foni: Nanzikambe akulemba.

Uthengawo unafika mvula yoyamba itagwa. Unali wautali, wofuna kutsitsa chala katatu.

"Ana anga, ndapita ndaona. Matendawa dzina lake ndi chisaka. M'dziko muno anayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990. Amayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, ndipo amene amakanyamula kuchoka pa mtengo wodwala kupita pa wamoyo ndi nsabwe zakuda za m'nthochi. Kamayendanso ndi ife tomwe tikamapatsana ana a nthochi ochokera pa phata lodwala. Mankhwala ochiza mtengo wodwala kulibe. Chofunika ndi kupha nsabwezo, kuzula phata lonse ndi mizu yomwe, kuliduladula kuti liume, kudikira osasiya kamphukira kalikonse, kenaka kubzala mbewu yopanda matenda yochokera kwa alangizi. Tikazula tonse pamodzi, nthochi zibwerera. Wina akasiya phata lake, atidwalitsanso tonse. Kadzidzi alibe mlandu, tikamupepese."

Gulu linakhala chete kwa mphindi imodzi yathunthu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

"Agogo, mwachidule mukuti chiyani?" anafunsa Pusi.

"Ife a ku yunivesite sitinamvepo za nsabwe zimenezi," anatero Khwangwala. "Agogowa anaphunzira kuti?"

"Akuti tizule nthochi zathu!" anakuwa Fisi, amene anawerenga mzere umodzi wapakati. "Alipidwa zingati? Si omwewa amasintha mtundu tsiku lililonse?"

Buluzi anatumiza chithunzi cha Nanzikambe ali pampanda ku Bvumbwe, pansi atalemba kuti, "Zangofika kumene. Onani kumene amakalandirira." Gulo anaika chala pa uthenga wa agogo, naikanso china pa chithunzicho.

Pamenepo adimini analowererapo. "Abale, tilemekezane. Malamulo a gulu lino salola mauthenga aatali, amatha bandulo ya anzathu." Uthenga uja unafufutidwa, ndipo pansi pake panaoneka kuti Kalulu wachotsa Nanzikambe.

Tsopano nthochi zinali zitatheratu, moti ngakhale anthu m'misika ankagula zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Nyama zinasowa cholipirira moto wa foni. Zinapita kwa Kalulu zikudandaula kuti njala tipirira, koma foni yozima ayi.

"Ndine m'bale wanu, sindingakutayeni," anatero Kalulu. "Muzilipira ndi ganyu. Ndili ndi kakhwawa kanga kutali uko, kozunguliridwa ndi tiyi mbali zonse. Wofuna kutchaja azule phata limodzi la nthochi, ndi mizu yomwe, aliduledule. Wofuna bandulo akumbe dzenje."

Nyama zinagwira ntchito imeneyo mosanyinyirika. Fisi ankazula, Nguluwe ankafukula mizu, Pusi ankaduladula ndi dzanja limodzi, linalo likulemba maganizo ake pa za mpira wa ku England. Palibe anafunsa chifukwa chake akuzula. Miyezi itapita, Kalulu anasowa masiku awiri, nabwera ndi timbande ta nthochi m'timachubu takuda, tochokera mbali ya ku Bvumbwe. Nyama zinabzala, zinathira manyowa, zinapalira, zonsezo posinthana ndi moto wa foni.

Chaka ndi miyezi ingapo chitadutsa, khwawa la Kalulu linagona ndi mikoko. Iye anakhoma kathebulo m'mbali mwa msewu wa ku Limbe n'kumagulitsa nthochi imodzi pa mtengo umene kale unkagula phava lonse. Anajambula chithunzi naika pagulu: "Ndi chisomo chabe, abale."

"Khwawa limenelo netiweki sigwira bwino, n'chifukwa chake," anafotokoza Khwangwala.

"Ine ndinanena kale," anatero Pusi.

"Wakhwimira," anatero Fisi, kukamwa kuli nthochi ya ngongole.

Tsiku lina kukugwa chiperoni, Nanzikambe anafika pa kathebulo paja. Anayang'ana mikoko ndi diso limodzi, linalo linayang'ana Kalulu.

"Mdzukulu wanga, unandichotseranji pagulu?"

Kalulu anasenda nthochi yakupsa bwino naipereka ndi manja awiri. "Agogo, musandiganizire zoipa. M'gulu lonse lija amene anawerenga uthenga wanu mpaka kumapeto ndine ndekha, ndipo ndinauwerenga kawiri. Ndikanausiya pamenepo, tsiku lina wina akanauwerenga mwangozi."

"Nanga Kadzidzi?"

"Za a Kadzidzi n'zomvetsa chisoni. Koma sabata imene ija ndinatchaja mafoni ambiri kuposa chaka chonse."

Nanzikambe anadya nthochi yake pang'onopang'ono. Akuluakulu amati chitsiru chinaomba ng'oma ochenjera navina, koma iye anaona kuti ku Thyolo ng'oma inali m'manja mwa wochenjera, ndipo ovina ankalipira kuti avine. Anabwerera kukhwawa kwake, natsegula foni kuti afotokozere nyama zonse zimene wamva, mmodzimmodzi. Mpaka lero mukamuona panthambi atatukula dzanja limodzi m'mwamba, osalitsitsa, musamusokoneze. Akufunafuna chilembo chachiwiri.

Ndaona ena mwa inu mwakhala mukugwedeza mitu kuyambira pamene ndinayamba nthanoyi. Zikomo, a Gulo. Amene mwaitumiza kale kwa anzanu musanamve mathero ake, moni kwa a Buluzi.

Kaphuleni mbatata.

Yapserera. Amene tinamutuma kuiyang'anira anali pa foni.