Rimoti Yanga Yapuma pa Ntchito

Ine ndine bambo wodziwa kusunga ndalama. Wokayika akafunse pamsika wa ku Bwacha, amuuza kuti ndimanenerera mtengo wa tomato mpaka wogulitsa amandionjezera ziwiri kuti ndingochoka. Choncho nditalengeza pakhomo panga kuti dishi sindilipiranso, palibe anadabwa. Amayi a ana anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwayambanso masamu anu aja, bambo."

Masamuwo anali omveka. Mu 2024 mvula inatithawa, madzi anatsika ku Kariba, ndipo magetsi ankazima mpaka maola 17 patsiku, nthawi zina kupitirira pamenepo. Dishi ndinkalipira mwezi wathunthu, koma TV inkangokhala pakona, yakuda bii, ikutionera ife. Kampani yake sindiitchula chifukwa inalibe mlandu, si iyo inamwa madzi a mu Zambezi. Magetsi akabwera pakati pa usiku, mayi ankadzuka kusita, ine n'kudzuka kuyatsa TV kuti ndalama yanga isapite pachabe. Ndinkakhala pampando ndi bulangeti, maso ali psuu, kuonera azungu akuwedza nkhanu ku Alaska. Sindinkasangalala ayi, ndinkangobweza ndalama yanga.

Tsiku lokasiya ndinavala jekete. Mawu ndinakonzeratu kunyumba, amphamvu, oti bwana wa kampani akawamva atuluke mu ofesi n'kundigwira mwendo kuti ndisachoke. Ndinafika pakabenchi ka mnyamata amene amatilipirira pafoni, ndinakhosomola, n'kuyamba. Sindinafike ngakhale pakati. "Adadi, palibe fomu yosainira," anatero uku akuwerenga ndalama za munthu wina. "Mungosiya kulipira, izima yokha." Ndinaima pamenepo ndi jekete langa, mawu otsala ali kukhosi. Ndinakawamalizira pansi pa mkuyu waukulu wa m'tauni yathu ya Kabwe, koma pamenepo aliyense amalankhula yekha, ndiye palibe anatembenuka.

Mwana wanga wamwamuna ndiye anandilonjeza dziko latsopano. "Adadi, masiku ano anthu amaonera pa intaneti. Mumasankha nokha chimene mukufuna, nthawi imene mukufuna." Kwa munthu amene anakula ndi ZNBC yokha, kuonera pawindo la aneba mutakwera pa njerwa, mawu amenewa ndi okoma. Tinaona DStv ikufika mu 1995, madishi akumera pamadenga a mabwana okhaokha. Tinaona GOtv ikuyambira kuno ku Zambia mu 2011, ife a kukomboni n'kuyamba kuyenda mothimbwidzika. Ndiye mu January 2016 Netflix inatsegula m'mayiko 130 tsiku limodzi, Zambia ali momwemo. Ndinaona kuti chitukuko chikundiitana ndi dzina.

Chimene mwanayo anaiwala kutchula ndi mabando. Dishi imaponya chithunzi chimodzi kuchokera kumwamba, ndipo kaya muonere awiri, kaya mudzaze nyumba ndi ana a mzere wonse, mtengo ndi womwewo. Intaneti imatumiza chithunzi kwa munthu aliyense payekha, ndipo aliyense amadya zake. Eni ake a Netflix amanena okha kuti ola limodzi limadya pafupifupi 1 GB, ndipo ukafuna chithunzi choyera choti uone ndi thukuta la wosewera, zimafika 3 GB. Tsono pakhomo panga pali anthu amene akayamba filimu ya ku India salekeza mpaka mkwatibwi atapezeka, ndipo m'mafilimu amenewo mkwatibwi sapezeka msanga.

Kale ndinkalipira kamodzi pamwezi, kulira kamodzi, basi. Lero ndalama imachoka pang'onopang'ono: ka bando m'mawa, ka bando madzulo, ka bando ka usiku chifukwa akuti n'kotchipa. Palibe tsiku limene ndimamva kupweteka, koma pofika pa 20 thumba limakhala litapepuka lokha. Ife a ku Kabwe tinazolowera kuti zathu zimapita kunja. Mtovu unapita mpaka mgodi unatsekedwa mu 1994. Chigaza cha munthu wakale uja chimene anachifukula mu 1921, tauni ino ikutchedwa Broken Hill, chikadali ku London. Ndiye ndalama yanga ikamapita ku California ikungotsata mwambo.

Kuti ndichepetse zolipira, ndinapempha alamu anga a ku Lusaka kuti tizionera pa akaunti yawo. Anavomera. Kuyambira pamenepo ndine munthu waulemu kwambiri m'banja lonse. M'mawa uliwonse ndimawatumizira moni, ndimafunsa za miyendo yawo, za nkhuku zawo. Tsiku lina ndinangowakumbutsa pang'ono za ngongole imene anatenga pamaliro a agogo, ndipo madzulo ake pasiwedi inali itasintha. Ngongole ija sindinaitchulenso. Tinganene kuti ikubwezedwa m'mafilimu.

Koma chimene chandiwawa zedi si ndalama. Rimoti inali ndodo ya ufumu. Ndikalowa m'nyumba, wokhala pampando wanga ankadzuka, rimoti ankaipereka ndi manja awiri, ndipo ndikati nkhani, nyumba yonse inkaonera nkhani. Ana ankadziwa mayina a nduna mosafuna. Lero ndikalowa, palibe amatukula mutu. Mayi ali kukhitchini, foni yatsamira pa botolo la saladi, akukalipira mpongozi wa ku Mumbai. Mtsikana ali kuchipinda, akuseka yekha ndi TikTok. Rimoti ili pa tebulo, mabatire ake anawachotsa kalekale n'kuika mu tochi.

Ufumu wonse unasamukira kwa mwana wanga wamwamuna uja, chifukwa foni yake ndiyo imagawa intaneti m'nyumba. Ine amene ndimamulipirira sukulu ndimagogoda pachitseko chake. "Mwanawe, tandilumikizako pang'ono." Iye osadzuka n'komwe: "Adadi, mwamaliza kale gawo lanu la lero." Akatumidwa kukagula makala, intaneti imapita naye, nyumba yonse n'kukhala zii mpaka abwere. Masiku ano makala ndimakagula ndekha.

Za mpira ndiye musanene. Aneba anga sanasiye dishi, anagula ndi sola. Loweruka masana ine ndimakhala pakhonde, foni ndaitsamiritsa pa kapu, nkhope ndaiyandikiza mpaka mphuno kufuna kugunda galasi. Mpira uli pakati pa bwalo, wosewera akumanga lamba wa nsapato, ndiye kuseri kwa mpanda kumaphulika: "Chigoliii!" Pa foni yanga kabwalo kaja kamayamba kuzungulira. Kamazungulira, kamazungulira. Chigoli chikamafika kwa ine, aneba atha kale kuvina, akhala pansi, ayambanso kutukwana oyimbira. Ndaphunzira kudziwa amene wagoletsa pomvera mawu: akakuwa bambo, ndi timu yathu, akakuwa mwana wawo, tagwa.

Mu 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107 m'chaka chimodzi. Pamene Messi anafika 91 mu 2012, dziko likumuombera m'manja, FAZ inakumbutsa anthu za Chitalu wathu, ngakhale FIFA sinavomere kuika chidindo. Akuluakulu amene ankapita kubwalo la njanji, limene lero likutchedwa dzina lake, ankaona mpira ukulowa mu ukonde nthawi yomweyo imene ukulowa. Analibe setilaiti, analibe bando. Ine mdzukulu wawo, wokhala m'nthawi imene Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, ndimauzidwa chigoli ndi mpanda.

Dishi ikadali padenga. Mayi akufuna ndiitsitse kuti aziyanikapo chiwawa ndi kapenta, akuti ndi yotakata bwino ndipo nkhuku sizingafikepo akaiika pa dramu. Ndakana. Anthu odutsa mumsewu akaona denga lopanda dishi adzati bambo uja zinthu zamuvuta, pamene ine ndangosintha njira yoyendetsera chuma.

Pa nkhani ya mpira ndinapeza nzeru. Ndinayamba kupita kwa aneba ngati ndikukabwereka sipanala, n'kukhala mpaka mpira utatha. Poyamba ankandipatsa mpando. Kenako anandipatsa kabenchi. Mwezi watha anandiitanira pambali n'kunena mwaulemu kuti, "Aneba, popeza sipanala mumaibwereka Loweruka lililonse, bwanji tizigawana malipiro a dishi?" Ndinavomera nthawi yomweyo, chifukwa munthu wa masamu sataya mwayi. Tsopano ndimalipira mabando a anthu onse a pakhomo panga, ngongole ya alamu ndinaikhululuka, ndiponso ndimapereka theka la dishi ya kwa aneba, kumene rimoti amagwira ndi iwo. M'kope langa la bajeti ndalemba ndi inki yofiira kuti pa dishi ndapulumutsa 50 peresenti. Mayi anawerenga, anatseka kope, n'kundipempha ya bando.