Nati yotsala: kudzikonzera njinga yamoto ku Elephant Marsh

Sevisi ya njinga yamoto ndi ntchito yosintha oyilo, kutsuka fyuluta, kuona pulagi, kukoka tcheni ndi kutchuna mabuleki njingayo isanayambe kudandaula yokha. Ntchitoyi imagwiridwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kubwerera nayo kukampani kumene inagulidwa, kuja kuli anyamata ovala maovolosi ofanana. Yachiwiri ndi kuyala thumba pansi pa mtengo wa nimu, kuvula malaya, n'kuyamba kumasula. M'midzi yozungulira dambo la Elephant Marsh, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, njira yoyambayo imamveka m'mbiri chabe. Yachiwiriyo ili ndi katswiri pakhomo lililonse, ndipo katswiriyo ndi mwininjinga.

Chimene chimalekanitsa njira ziwirizi ndi waranti, lonjezo la kampani loti njinga ikaonongeka isanakwane nthawi yakutiyakuti idzakonzedwa ulere, malinga ngati mwiniwake sanaigwire ndi sipanala yake. Dambo lino analitcha dzina David Livingstone mu 1859, ataona njovu pafupifupi 800 nthawi imodzi. Lero mulibe ndi imodzi yomwe. Mwatsala ng'ona, mvuu ndi dzina. Waranti nayo kuno ili choncho: aliyense anaimvapo, woiona palibe. Njinga zambiri za Lifo, SanLG ndi King Lion zimene zikuyenda pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula zinagulidwa kwa munthu amene anagula kwa munthu, ndipo zina zinalowa kuchokera ku Mozambique panjira zimene mapu sadziwa. Waranti yake inathera tsiku limene wogulitsa anawerenga ndalama n'kunena kuti, "Muyende bwino, achimwene." Ochepa amene anagula yatsopano ku Blantyre ndiwo amakumana ndi funso lenileni waranti ija ikatha mphamvu: kodi apitirize kulipira kampani, kapena alowe m'gulu la anzawo?

Kulipira kampani kuli ndi ubwino wake. Oyilo amakhala weniweni, mabawuti amamangidwa ndi muyeso, ndipo pamapeto pamatuluka lisiti yoti munthu n'kukaonetsa kunyumba. Vuto ndi kumene kampaniyo ili. Munthu wa ku Bangula amayenda makilomita oposa 100 pa msewu wa M1, kudutsa Ngabu ndi Nchalo, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kupereka moni kwa apolisi pa Thabwa, kenako kukwera mapiri okhotakhota aja injini ikulira maliro. Pa Dyeratu pali msonkho wosalembedwa, wa kanyenya wa mbuzi, umene umaperekedwa popita ndi pobwera. Wa kutsidya kwa Shire, ku Makhanga kapena ku Muona, amasankha pakati pa fumbi la msewu wa East Bank ndi kukweza njinga m'bwato pa Mtayamoyo. Akamafika kwawo, oyilo watsopano uja amakhala atayamba kale kukalamba, ndipo njinga imafuna sevisi yochiza ulendo wa ku sevisi.

Pamwamba pa mtunda pali mitengo ya zinthu. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo mwezi womwewo petulo anafika pa K2,530 pa lita, kunena mtengo wa pa pampu, masiku amene pampu ili ndi kanthu. Wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu alibe mtengo wokhazikika; amayang'ana nkhope ya wogula. Oyilo, pulagi, tcheni, matayala, zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama yakunja. Chinthu chokhacho chimene sichinakwere mtengo ndi kudzikhulupirira kwa mwininjinga. Ichi ndicho chimamufikitsa pansi pa nimu.

Zipangizo zofunika ndi zochepa: masipanala a 10, 12, 14 ndi 17, pulayala, sikuludiraiva, chigubu choduka pakati chotchingira oyilo wakale, mwala wa saizi yabwino, ndi mwana mmodzi womutuma. Oonerera safunika kuitanidwa. Sipanala ikangogunda chitsulo, pamatulukira amuna anayi amene sanakhalepo ndi njinga koma amadziwa vuto lake.

Dongosolo la ntchito ndi lomveka. Injini imayamba yalizidwa pang'ono kuti oyilo asungunuke, kenako bawuti yapansi imamasulidwa, wakudayo n'kutsika. Tinjini ta 125cc ndi 150cc timamwa oyilo pafupifupi lita imodzi, kawirikawiri wa 20W-50, ndipo timaziziritsidwa ndi mphepo yokha. M'chigwa mmene kutentha kumapyola madigiri 40 mu October ndi November, mphepoyo imabwera itapsa kale, choncho oyilo amayenera kusinthidwa msanga kuposa kumtunda. Fyuluta yodzaza fumbi imapangitsa njinga kumwa petulo wambiri. Pulagi yakuda bii ndi yonyowa imaulula kuti injini ikuotcha oyilo kapena ikulandira petulo wopyola muyeso. Tcheni chothina chimadya masipuroketi, chokhwefuka chimavuka pakati pa ulendo. Zonsezi munthu wamba angazichite bwino lomwe mu ola limodzi. Tsoka limabwera pa ola lachiwiri, pamene mwininjinga, atakhuta matamando a oonerera, amanena kuti, "Popeza tayamba, tiyeni tingoona ndi m'kati momwe."

Apa ndi pamene lamulo lalikulu la ntchitoyi limagwira. Lamulolo limati: njinga iliyonse yomasulidwa ndi mwiniwake, ikamangidwanso, pathumba pamatsala nati imodzi. Silisankha mtundu wa njinga, chipembedzo cha mwiniwake, kapena sukulu imene anafika. Amene amasanja manati pamzere, natiyo imatsala pamzere. Amene amawaika m'chipewa, imatsala m'chipewa. Amene anangomasula manati atatu okha amapezeka wamanga atatu ndipo yachinayi ikumuyang'ana.

Pali maganizo atatu ofotokoza kumene nati yotsala imachokera. Oyamba amati kufakitale amaika manati owonjezera dala, ngati basera. Achiwiri amati ndi ya sevisi yapitayo, inangochedwa kutulukira. Achitatu, amene nthawi zambiri ndi a mayi a kunyumba, amati natiyo ili ndi pake ndipo pakepo padzadziwika pa mlatho. Mwininjinga amatsata maganizo oyamba. Amaliza injini, injini n'kulira, iye n'kuyang'ana oonerera mmodzimmodzi. Njinga ikalira, mlandu wa nati umatha, ndipo natiyo imalowa m'chitini.

Chitinicho ndi chipangizo chofunika kwambiri pa nyumba ya mwininjinga. Chimakhala pawindo kapena kuseri kwa wailesi, ndipo kulemera kwake ndiko kumayeza luso la mwiniwake. Wa chaka chimodzi chake chimalira ngwerengwere akachigwedeza. Wa zaka zisanu chake sichiliranso chifukwa chadzaza. Akatswiri a pansi pa nimu amaphunzitsa kuti nati iliyonse yolowa m'chitini imapepukitsa njinga, njinga yopepuka imamwa petulo wochepa, choncho chitini ndi njira yolimbanirana ndi kugwa kwa kwacha. Ena amapitirira n'kunena kuti munthu akapirira zaka zokwanira, m'chitini mudzatuluka njinga yachiwiri. Wolemba nkhani ino, amene chitini chake chili pa mlingo wolemekezeka, akuona kuti mfundoyi njofunika kuipatsa nthawi.

Manati a m'chitini sakhala chabe. Asodzi a milamba ndi makakana m'dambomu amawapempha kuti amangirire ku mbedza. Ana amawaponya pa legeni. Ena amalowa m'malo mwa njere za bawo. Pamene natiyo inachoka pamamangidwa waya kapena mphira wa chubu, ndipo pakapita zaka njinga imakhala theka ya ku China, theka ya ku Ngabu.

Mafunso a pakhomo ali ndi mayankho ake okhazikika. Mayi akafunsa kuti, "Bambo ake a mwana, nanga iyi yatsala bwanji?" yankho lovomerezeka ndi lakuti, "Imeneyo njosafunika." Akafunsanso kuti, "Nanga anaiikiranji?" mwininjinga amayenera kukumbukira mwadzidzidzi kuti pali kasitomala akumudikira pa siteji.

Pakati pa kampani ndi nimu pali njira yachitatu, amakaniko a pa msika. Kwa iwo ndi kumene njinga imafika itakwezedwa pa ngolo, limodzi ndi injini yake m'thumba. Amakaniko amatenga mtengo pawiri: wokonza vuto loyamba, ndi wokonza zimene mwininjinga anakonza. Funso lawo loyamba silisintha: "Munaigwirako, madala?" Yankho nalo silisintha: "Ayi, yangozima yokha." Amakaniko amayang'ana mawaya omangamanga aja, n'kutuma mnyamata kuti akatenge chitini. Odwala oterewa amachuluka dzinja, madzi akasefukira, monga zinachitikira mu January 2015, pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu March 2023. Njinga yomira siyenera kulizidwa. Pulagi imachotsedwa, madzi n'kutulutsidwa, oyilo woyererako uja n'kusinthidwa kangapo. Mwininjinga amadziwa zonsezi, koma amayamba waponda kiki kaye kuti angoona.

Pali mbali imodzi imene siseketsa. M'midzi yambiri ya m'mphepete mwa dambo, makamaka kutsidya, njinga yomangidwa ndi waya yomweyi ndiyo imanyamula mayi wodwala pakati pa usiku kupita naye kuchipatala. Njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo inakokoloka mu 1997, ndipo ana obadwa chaka chimenecho akulira m'bwato mpaka kukhala makolo. Dambo linalowa pa mndandanda wa madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017, mbalame zinapeza ozilankhulira. Akuluakulu amene amadzudzula a kabaza pa wailesi kuti njinga zawo n'zosayenera pamsewu sanama, koma ayambe aonetsa msewuwo. Munthu amene malo okonzera ovomerezeka ali kuseri kwa mtsinje ndi phiri sanasankhe kukhala makaniko, anasankhiridwa.

Malire a ntchito, mwa ichi, ayenera kudziwika. Oyilo, fyuluta, pulagi, tcheni ndi mpweya wa m'matayala ndi za mwininjinga, ndipo kuzilipirira ulendo wa ku Blantyre n'kutaya ndalama. Kutsegula injini, kutchuna mavavu ndi za magetsi ndi za amakaniko odziwika ntchito yawo. Mabuleki, ma ekiselo a mawilo ndi chiwongolero ndi malo amene lamulo la nati yotsala siliyenera kuloledwa konse: ikatsala ya pamenepo, njinga isachoke pathumba mpaka pake papezeke.

Gawo lomaliza la umwini ndi kugulitsa. Mwambo wake ndi wakuti njinga imatsukidwa, utsi wake umatchedwa "oyilo watsopano akukhazikika", ndipo wogula amauzidwa kuti sinatsegulidwepo chigulireni. Chitini sichionetsedwa tsiku limenelo. Chimagulitsidwa padera patapita milungu iwiri, wogulayo akabwera yekha kudzachifunsa.