Thumba lisanasokedwe, Zomba yayamba kale kulemba malamulo

Mu Zomba nkhani ya ngongole imathamanga kuposa njinga yamoto. Ikayambira pa depoti m'mawa, pofika nthawi ya nsima imakhala itafika kale ku Chinamwali ndi ku Mpondabwino, ndipo madzulo mumaipeza ku Matawale itanenepa. Masabata apitawa ndakhala ndikutchera khutu ku funso limodzi limene anthu a geni akuponyerana: khonsolo ya mzinda wathu itati ikhazikitse thumba lakelake lobwereketsa mpamba kwa ochita malonda ang'onoang'ono, malamulo ake angakhale otani? Thumbalo likadali m'maloto, koma mukamva mmene anthu akutsutsirana mungayese kuti mafomu atuluka kale. Mwana sanabadwe, azakhali ayambana kale za dzina.

Chidwi chotere chili ndi gwero lake. Zomba ndi mzinda waung'ono, wa anthu pafupifupi 105,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Chichokereni likulu la dziko kupita ku Lilongwe mu 1975, ndalama za kuno zimadalira kwambiri malipiro a pamwezi: a ku yunivesite, a ku Cobbe Barracks, a kusukulu ya apolisi, a kundende ndi a kuchipatala. Mwezi ukatha msika umadzaza, pakati pa mwezi ogulitsa amaodzera pa benchi. Ophunzira akatsekera, a chiwaya ku Chikanda amachepetsa mbatata yosenda. Mumzinda wotere aliyense amadziwa kuwawa kwa mpamba wochepa, n'chifukwa chake aliyense ali ndi lamulo lake m'thumba.

Ndinayambira pa msika waukulu, kwa amayi a tomato ndi anyezi. Kumeneko sanataye nthawi. Mayi wina, akupukuta tomato ndi kansalu n'kumamuunjika anayi pansi mmodzi pamwamba, anati lamulo loyamba likhale la kukula kwa fomu. "Ikhale tsamba limodzi, m'Chichewa. Akatibweretsera chimtolo cha mapepala achizungu, ife tikulungiramo usipa." Anzake anaseka mpaka wina anagwetsa mbale. Kenako anafika pa mfundo yeniyeni: ngongole ikhale ya saizi ya geni. Wogulitsa tomato mukamupatsa mamiliyoni mwamupha, pakuti tomato sasungika, ndipo ndalama yotsala imapeza yokha njira yopita ku ukwati wa mphwake. Ayambe ndi yochepa yokwanira madengu angapo, akabweza bwino akwezeredwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ku mbali ya nsomba nkhani inali ya kalendala. Bambo wina amene amaoda matemba ndi milamba ku doko la Kachulu anati amene adzalembe malamulowo ayambe wakwera galimoto kukaona nyanja ya Chilwa. M'dzinja usodzi wa makoka umatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo nyanjayo ili ndi mbiri yophwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018. "Ndiye mundiuze kuti ndizibweza chimodzimodzi mwezi uliwonse ngati ndine mphunzitsi? Nsomba ilibe tsiku la malipiro, achimwene." Mayi wogulitsa mpunga anavomera ndi mutu, nati naye amalemera miyezi yokolola, miyezi ina n'kumangoyang'ana msewu. Onse anagwirizana kuti kabwezedwe katsate nyengo ya malonda a munthu, ndipo pakhale masabata opumira asanayambe kupereka gawo loyamba. Wina anakumbutsa za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, nati malamulo aneneretu chochita tsoka lotere likagwa, kuti munthu amene madzi amukokolera katundu asamathawe kwawo ngati wakuba.

Pa siteji ya kabaza mawu amene anatentha ndi akuti chikole. Mnyamata wina wovala chipewa cha njinga chong'aluka pamwamba anafotokoza kuti njinga imene amayendetsa ndi ya abwana ake, ndipo madzulo aliwonse amakapereka ndalama yomwe anapangana, kaya kwagwa mvula kaya mafuta asowa. Chimene akufuna ndi njinga yakeyake. "Akati bweretsa pepala la nyumba, ndikatenga kuti? Ine ndimachita lendi ku Sadzi. Njingayo ikhale chikole yokha, ndikalephera adzatenge." Mnzake anamudula kuti ukalephera udzakhala utaithawitsira ku Mozambique, ndipo siteji yonse inafa ndi phwete. Komatu mnyamatayo sanalankhule zopanda mutu. Dziko lino lili ndi lamulo la 2013 lolola katundu wosunthika, monga makina, ziweto ndi galimoto, kulembetsedwa ngati chikole. Telala wina wa pakhonde, amene ankamvetsera akupalasa makina ake akale, anati iye ndalama sakuifuna m'manja n'komwe. Thumbalo likalipire kusitolo makina a magetsi, iye angolandira makinawo. "Ndalama ikalowa m'nyumba, mlamu amadwala tsiku lomwelo," anatero akudula ulusi ndi mano.

Amene anandikhazika pansi nthawi yaitali ndi madala a pa bawo. Kumeneko mbiri ya ngongole za boma amaitchula ngati mayina a ana awo. Mkulu wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi anawerenga ndi zala: SEDOM ya nthawi ya Kamuzu, MARDEF ya 2005 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, YEDEF ya achinyamata, MEDF ya 2014 imene inaphatikiza matumba akalewo, ndi dzina la NEEF limene linabwera mu 2020. Anati mayina asintha ngati malaya, koma chilonda chili pamalo amodzimodzi: anthu ambiri amatenga ngongole ya boma ngati chithokozo cha voti, ndipo kubweza kumavuta. Mnzake, akutakata nkhomo m'maenje osayang'ana n'komwe, anati vuto limayamba tsiku lopereka. Ngongole ikaperekedwa pa msonkhano, pali ng'oma ndi nsalu za chipani, wolandirayo amapita kwawo akudziwa kuti wapatsidwa mphatso. Ikaperekedwa mu ofesi, pali cholembera ndi mboni, amapita akudziwa kuti ali ndi mangawa.

Apa Aphunzitsi anakhazikitsa lamulo lawo mokweza, ngati ali m'kalasi: chaka cha chisankho, miyezi ya kampeni, thumba litsekedwe pakamwa. Olandira kale azibweza, koma watsopano asalandire mpaka mavoti atawerengedwa. Anthu anawomba m'manja, ndipo wina anati Aphunzitsi aimire ukhansala. Iwo anakana, nati ali ndi bawo loti amalize.

Ku babashopu nkhani inali ya komiti. Ndani adzasankha olandira? Wometa, makina ali m'manja, anati makhansala apange malamulo ndi kuyang'anira, koma asakhudze mndandanda wa mayina. Amene ankametedwa anafuna kutembenuka kuti atsutse, wometayo n'kumubweza mutu ndi chala. Anatsutsabe ali choweramira: khansala ndiye amadziwa anthu a m'dera lake. Ena pa benchi anayankha kuti kudziwa anthuko ndiye vutolo, pakuti amadziwanso amene anamuvotera. Anamaliza ndi komiti yosakaniza: woimira mavenda, mayi wa ku banki m'khonde, munthu wodziwa kuwerengera ndalama, wachipembedzo, ndi wa kukhonsolo mmodzi wosunga mabuku. Fomu ya m'bale wako ikafika pa tebulo, utuluke panja ukamwe madzi. Ndipo mayina a olandira amatidwe pa bolodi ya pa msika, pamodzi ndi ndalama zimene atenga. Mnyamata wina anafunsa ngati osabweza nawonso adzamatidwa. Atamva kuti inde, anati basi, apongozi ake asadzaphunzire kuwerenga.

Chiwongoladzanja chinagawa anthu pawiri. Ambiri amafuna chikhale chochepetsetsa, ena amati chisakhalepo n'komwe popeza ndalamazo zidzachokera ku misonkho yathu ndi matikiti a pa msika. Amatchula katapila, kumene ukatenga K10,000 umabweza K15,000 kapena K20,000 mwezi ukatha, khadi la kubanki lili m'thumba la mwini ndalama. Koma mayi wina wa okala ku Ndola anandiwerengera zimene sindinaziiwale. Anati kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katoni ya sopo imene ankaoda kale sangaipezenso pa mtengo uja. Thumba likabwereketsa popanda chiwongoladzanja, ngakhale aliyense atabweza mokhulupirika, ndalama yobwerayo idzagula theka la zimene inkagula. "Mwana wanga akadzafika pa mzere adzapeza thumba lopepuka. Chikhale chotsika kuposa cha katapila ndi cha kubanki, koma chikhalepo." Anthu anakhala chete pang'ono, kenako wina anati mayiwa apite ku komiti ija.

Achinyamata omaliza maphunziro nawo ali ndi dandaulo lawo. Amati malamulo akanena kuti wobwereka akhale atachita geni kwa chaka, iwo atsala panja, pakuti alibe benchi, ali ndi maganizo okha. Wowotcherera zitsulo wina anawayankha mwaulemu kuti maganizo sawotcherera geti. Anapereka njira yapakati: kagawo kena ka thumbalo kasungidwire oyamba kumene, koma iwowo ayambe aphunzira kulemba zolowa ndi zotuluka, ndipo akhale ndi mmisiri kapena wamalonda wachikulire wowayang'anira. Mtsikana wina anawonjezera kuti kubweza kuzichitika pa foni, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti munthu asatseke shopu tsiku lonse kukaima pa mzere, komanso kuti ndalama isadutse m'manja mwa munthu amene angaiwale kulemba lisiti.

Kumene ndinaphunzira zambiri ndi pa khonde lina ku Chinamwali, Lachinayi masana. Amayi anakhala pa mphasa mozungulira bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ake ali ndi amayi atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Mayi wina anafika mochedwa mwana ali kumbuyo, ndipo asanakhale pansi anaponya yekha chindapusa m'mbale, popanda womukumbutsa. Mlembi anaitana mayina, aliyense anagula masheya ake, ndalama inawerengedwa mokweza kawiri. Amene ankafuna ngongole ananena pamaso pa onse chimene akufuna kuchita nayo, ndipo sakanatenga yoposa katatu ya zimene anasunga. Panali kambale kena ka padera kothandizira matenda ndi maliro. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, koma amayi athu anaiweta mpaka inasanduka yakwathu, ndipo mu Disembala akagawana, malata ndi feteleza zimalowa m'makomo.

Nditawafunsa za thumba la mzinda, wapampando anaseka. "Bambo, malamulo timalemba tsiku loyamba, bokosi lili lopanda kanthu. Ndalama ikalowa anthu samvanso." Ndinafunsa chifukwa chake kwa iwo anthu amabweza. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake nsima imadyedwa ndi ndiwo. Anati aliyense amadziwa kuti ndalama imene watenga ndi ya mayi uyo wakhala apoyo, ndipo sabata yamawa ndi nthawi yake.

Mawu amenewo ndimawakhulupirira ndi mtima wonse. Thumba la mzinda lidzakhala ndi moyo ngati wobwereka adzaona nkhope ya mnzake kumbuyo kwa ndalamayo, m'malo moona boma lakutali lopanda maso. Ubwino wa mzinda waung'ono ndi womwewo: timadziwana. Telala akachedwa kubweza, adziwe kuti wa kabaza ndiye akudikira njinga yake. Khonsolo iliyonse imene ingaganize zoyambitsa thumba lotere, kaya ndi ya Zomba, ya Kasungu kapena ya Luchenza, iyambe yakhala pa mphasa ndi anthuwa isanaitane akatswiri. Malamulo alembedwe ndalama isanafike, awerengedwe pa msika m'chilankhulo cha anthu, ndipo miyezi itatu iliyonse pa bolodi pazilembedwa zimene zatuluka, zimene zabwera ndi zimene zatsala. Zikatero mphekesera zidzasowa chakudya, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pobwerera ndinadzeranso pa msika kukagula tomato. Mayi uja anandizindikira, nandiikira mmodzi wa basela. Anandifunsa ngati ndalemba lamulo lake la tsamba limodzi, ndipo ndinamuonetsa m'kope. Anagwedeza mutu mokhutira, kenako anaitana mnzake wa anyezi kuti amubweze K2,000 imene anabwereka m'mawa posowa chenje. Mnzakeyo anamasula mfundo ya chitenje, nawerenga ndalamayo pamaso pa tonse, naipereka ndi manja awiri.