Ufulu wosankha wandiondetsa

Pali anthu amene dziko likasintha amamva pa wailesi, ndiye pali enafe amene timamva kwa ana a abale athu. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta akale ambiri sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Laputopu yanga, imene ndinaigula kwa munthu batani la "e" litafufutika kale, ili m'gulu la nkhalamba zimenezo.

Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira zamakompyuta ku koleji, anati ndisataye mtima. "A Malume, tiikemo Linux. Ndi yaulere." Mawu oti yaulere amandilowa mumtima msanga kuposa ulaliki wa Lamulungu, choncho ndinamutsegulira khomo.

Linux ameneyu anamuyamba Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Aliyense ali ndi ufulu woona mmene pulogalamuyi inalembedwera, kuisintha ndi kugawira anzake. Anthu atamva zimenezi sanachite ulesi. Lero kuli Debian, kuli Fedora, kuli Linux Mint, kuli Ubuntu amene anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndi mitundu ina yoti munthu kuitchula yonse nsima imazizira. Ndinauza mnyamatayo kuti aike iliyonse imene imayaka.

"Chabwino, a Malume. Nanga desktop mukufuna iti?"

Ndinaloza tebulo langa. Anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako n'kundifotokozera kuti akunena zonse zimene munthu amaona akayatsa kompyuta: mabatani, mawindo, wotchi ya pakona ndi ndandanda ya mapulogalamu. Pa Windows munthu amangolandira zimene wapatsidwa. Pa Linux uyenera kusankha wekha.

Apa m'pamene anaitana mnzake kuti adzathandize. Dziwani kuti akatswiri awiri akakumana pabalaza panu, chimene chimatha ndi mtedza wanu, vuto lanu limatsala. Mnzakeyo ndi wa desktop yotchedwa GNOME, imene anaiyamba Miguel de Icaza ndi Federico Mena a ku Mexico mu 1997. Anati ubwino wake ndi woti mabatani ndi ochepa, munthu sasokonezeka. Wa kwathuyu ndi wa KDE, imene anaiyamba Matthias Ettrich wa ku Germany mu 1996. Anati mu KDE Plasma mukhoza kusintha chilichonse, mtundu wa zilembo, malo a ndandanda, ngakhale mthunzi wa windo. Amauza zimenezi ine, munthu amene foni yanga ikulirabe nyimbo imene inabwera nayo kusitolo.

Mkangano unakula mpaka mayi a kunyumba anasuzumira kuchokera kukhitchini kufunsa ngati tayamba zandale. Ine ndinali pakati, mutu ukutembenukira uku ndi uku. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi uja anali ndi mwayi chifukwa zipatso ankazidziwa.

Chinatilanditsa ndi laputopuyo. Ataona kuti memore yake ndi yochepa, onse awiri anagwetsa nkhope n'kuvomerezana kuti yoyenera ndi Xfce, imene ndi yopepuka ndipo siilemetsa makina okalamba. Ndinafunsa kuti kanyama kali pachizindikiro chakeko ndi kanji. Anati ndi mbewa. Nkhani inathera pomwepo. Mchewa woleredwa bwino sakana mbewa.

Ndinkaganiza kuti tamaliza, koma mnyamata uja anakoka mpando. "Tsopano imelo, a Malume. Muziwerengera pa chiyani?"

Ndinati pa laputopu. Anapuma mozama ngati mphunzitsi wa Sitandade 1. Kuli Thunderbird, yochokera ku Mozilla, eni ake a Firefox, imene imagwira pa Linux, pa Windows ndi pa Mac pomwe. Kuli Evolution, ya kubanja la GNOME, yokhala ndi kalendala ndi ndandanda ya ntchito, yokondedwa ndi anthu ozolowera Outlook ya kuofesi. Kuli KMail ya kubanja la KDE. Kuli Geary yosachulukitsa zinthu, ndi Claws Mail yopepuka. Kulinso Mutt, imene ilibe zithunzi kapena mabatani odina, zilembo zokhazokha, zonse n'kumachita ndi kiyibodi. Mnzake uja anati amene amagwiritsa ntchito Mutt ndi akatswiri enieni. Ndinayang'ana zala zanga ziwiri zimene ndimatayipira, n'kuzipepesa.

Ndinafunsa chifukwa chake sindingangotsegula Gmail pa intaneti ngati kale. Apa anandiyankha zanzeru, ndipo ndikuvomereza. Pulogalamu ya imelo imatsitsa makalata n'kuwasunga m'kompyuta. Bandulo ikatha kapena netiweki ikathawa, umawerengabe makalata akale, n'kulemba mayankho, iwo n'kudzapita intaneti ikabwerera. Kwa munthu amene bandulo yake imafa mwezi usanafike pakati, imeneyo ndi nkhani yabwino.

Kenako kunabwera funso la POP ndi IMAP. Anati POP ili ngati kupita kupositi, kutenga makalata onse m'bokosi n'kubwera nawo kunyumba. Ukapanda kuiuza kuti isiyeko ena, bokosi limatsala lopanda kanthu, ndipo kompyuta ikafa makalata apita nayo. IMAP imasiya makalata kupositi komweko, iwe n'kumawaona pa foni ndi pa laputopu mofanana. Poti laputopu yanga imatsokomola ikamayaka, sindinafune kuisungitsa chuma chonse. Tinatenga IMAP, tinatenga Thunderbird.

Chifukwa chimene ndinasankhira Thunderbird sichili m'buku lililonse la sayansi. Ndinafunsa anyamatawo kuti ndi iti imene onse awiri amaidziwa, yoti ikandizunguza usiku ndikhoza kuimbira aliyense wa iwo. Ndiye malangizo anga kwa anzanga a zala ziwiri ndi amenewo: musafunse kuti pulogalamu yoposa zonse ndi iti, chifukwa mudzaitana mkangano wa mtedza. Funsani kuti munthu amene adzakukonzereni ikavuta amadziwa iti, ndipo amakhala kutali bwanji ndi nyumba yanu. Ufulu wosankha ndi wokoma kwa amene akudziwa zimene akusankha. Enafe timangofuna batani lolembedwa kuti tumizani.

Zonse zitatheka, makalata anga anayamba kutsika imodziimodzi. Anyamata aja anaima kumbuyo kwanga mwaulemu kudikira kuona ntchito zikuluzikulu zimene takhala tikuvutikira tsiku lonse. Munali kalata yokumbutsa ngongole, uthenga wa komiti ya ukwati wofuna chopereka, ndi bambo wina wakunja amene akufuna kundisiyira mamiliyoni a madola ndikangomutumizira kaye kangachepe. Bamboyu wakhala wokhulupirika kwa ine kuyambira nthawi ya Windows, ndipo wanditsatira mpaka ku Linux.

Madzulo ake mwana wa mchemwali wanga ananditumizira imelo yoyesera kuti aone ngati zonse zili bwino. Ndinadziwa kuti yafika chifukwa ananditumizira uthenga pa WhatsApp wondiuza kuti wanditumizira imelo. Ndinamuyankha pa WhatsApp pomwepo kuti ndaiona.