Zazikulu zimakwera zokha

Pa Mlangeni, m'mbali mwa msewu wa M1, mbatatesi ndi zanzeru. Zikangolowa m'ndowa, zazikulu zimakwera zokha pamwamba, tating'onoting'ono n'kukabisala pansi chifukwa cha manyazi. Ogulitsa, anthu osalakwa, amangoonerera.

Mwina ndi chilengedwe. Komatu m'thupi la wogulitsa yemweyo chilengedwe chimasankha mwa mtundu wina. Selo likameza zinthu zakunja, zimafikira m'kathumba kotchedwa endosome. Pamenepo gulu la mapuloteni lotchedwa WASH limadzutsa linzake, Arp2/3, kuti liluke timaulusi ta actin pakhungu la kathumbako. Timaulusiti timathandiza kusonkhanitsa zoyenera kubwerera kuntchito ndi kuzitulutsa kudzera m'timachubu. Zotsala zimapita kukagayidwa ku lysosome, yomwe Christian de Duve anaitulukira mu 1955. Mwa zobwezedwazo muli GLUT1, khomo lolowetsa shuga m'selo, shuga wa mbatatesi zomwezija. Mulinso puloteni yotola mafuta a LDL m'magazi, moti WASH ikafooka kolesterolo amachuluka.

Ntchito yonseyi imayenda usana ndi usiku popanda kapitawo, popanda alawansi, ndipo actin sanapiteko kumsonkhano wa kunyanja kukaphunzira kusankha. Palibenso puloteni imene inapulumuka ku lysosome chifukwa choti amalume ake ndi odziwika.

Maselo otere tonse tili nawo miyandamiyanda: wogulitsa, wogula, wolemba anthu ntchito, ngakhale wolemba danga lino. Mwamwayi ndi aang'ono kwambiri osaoneka ndi maso, choncho palibe angatikakamize kutengerapo chitsanzo.